Nyali ya m'Chipinda Chimene Sindilowa

Apongozi anga anagwa m'kolido ya nyumba yathu ku Area 9 atangokhala nafe masiku khumi, akudikira opaleshoni ya maso. Sanathyoke fupa. Anang'ambika pang'ono pamwamba pa diso lakumanzere, ndipo kutacha anauza mwana wawo, amene ndi akazi anga, kuti zikachitikanso akubwerera kumudzi, kaya opaleshoni yachitika kaya ayi.

Anali ndi ng'ala m'maso onse awiri. Masana ankaona zinthu ngati zili kuseri kwa utsi, usiku osaona kanthu. Kuchipatala anali atawapatsa tsiku, ndipo kunali kutatsala masabata atatu ndi masiku ochepa. Unali mwezi wa Okutobala. Kwawo, kupitirira Mitundu uko, anzawo anali kalikiliki kupanga mizere, ndipo tonse tinkadziwa kuti akapita sabweranso. Mvula ikagwa kuli kubzala, kenako kupalira, kenako kubandira, tsiku la kuchipatala n'kupita kwa wina.

Ndagwira ntchito ya utolankhani zaka zambiri, ndipo chizolowezi chake sichichoka: chinthu chikachitika ndimayamba ndi kuyeza. Kolido yathu ndi ya mapazi khumi ndi awiri kuchokera pachitseko chawo kukafika kuchimbudzi, ndipo chakumapeto kuli sitepe imodzi yotsika. Anagwera pamenepo. Usiku umenewo magetsi anali atazima. Koma ngakhale akanakhalapo sakanayatsa, chifukwa swichi ili pachitseko, mapazi asanu ndi awiri kuchokera pabedi, komanso iwo amati kuyatsa magetsi anthu ali mtulo ndi mwano. Tochi tinawagulira. Ankaisowa pabedi pomwepo, ndipo akaipeza zala zawo sizinkapeza kabatani kake.

Mapazi asanu ndi awiriwo sindinawerenge ndine. Anawerenga akazi anga, chifukwa m'chipinda cha apongozi sindilowa. Chikwatirireni mwana wawo sitinadyepo pamodzi, sitinagwiranepo chanza, ndipo tikakumana m'kolido iwo amatembenukira kukhoma ine n'kubwerera kumene ndachokera. Anzanga a kuntchito amaseka, amati zimenezo zinatha kalekale. Kwathu sizinathe. Palibe chidani, ndi ulemu basi, ndipo ulemuwo ndimaukonda. Koma sabata imeneyo unandivutitsa.

Chimene chinkafunika chinali nyali yosafuna kufufuzidwa, yoyaka yokha kukada n'kuzima yokha kukacha, yosadalira magetsi a pakhoma, yopepuka yoti munthu wachikulire anyamule ndi dzanja limodzi. Loweruka ndinazungulira masitolo a ku Area 2. Zimene ndinapeza zinali zobaya pasoketi, zimene zimazima pamodzi ndi magetsi. M'sitolo ina ya banja la chimwenye, mwini wake anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako analoza panja.

"Pitani kwa madala ali pakhondewo. Zing'onozing'ono zotere amadziwa ndi iwo."

Madalawo amakonza mawailesi ndi mafoni patebulo laling'ono, pansi pa ambulera yong'ambika mbali imodzi. Nditawafotokozera anavula magalasi.

"Ndiye mukufuna ndikupangireni?"

"Ayi, mundionetse. Ndipanga ndekha."

Anayang'ana manja anga. "Bwana, manja awa ndi a bolopeni. Munagwirapo ayironi yowotcherera?"

"Kusukulu, kalekale."

"Ndiye mugule zonse ziwiriziwiri. Choyamba mudzawotcha."

Anatsegula chitini chakale cha mabisiketi n'kuyala zinthu pachikhatho: timababu tiwiri toyera ta LED, thiranzisita yakuda ya miyendo itatu, marezisita awiri a timizere tamitundumitundu, ndi kanthu kena kozungulira ngati batani la malaya, kokhala ndi kamzere kokhotakhota pamwamba. Iwo anakatchula kuti kadiso. Anajambula mawaya kuseri kwa katoni ya sopo n'kufotokoza mwachidule kuposa akonzi ambiri amene ndagwira nawo ntchito. Kadiso kakaona kuwala kamatsegula njira, mphamvu ya batire n'kudutsa mwa iko, osafika pa mwendo wapakati wa thiranzisita, ndiye thiranzisita imatseka ndipo mababu sayaka. Kukada kadiso kamatseka njira yake, mphamvu ija n'kulowa pa mwendo wapakati, thiranzisita n'kutsegula. Basi, nkhani yonse ndi imeneyo.

Batire ndinachotsa m'tochi yakale yotchaja, pamodzi ndi kabowo kake kotchajira. Nyumba ya nyaliyo inali botolo la pulasitiki la chiponde, lotsukidwa katatu.

Ndinayamba Loweruka lomwelo masana, patebulo lodyera, nditayala nyuzipepala zakale. Akazi anga ankadutsa ndi zochapa.

"Ndi inu nomwe aja munalephera mpopi wa kukhitchini?"

"Mpopi ndi madzi. Izi ndi zamagetsi."

"Ehe. Ndiye pano tingopsa, sitinyowa."

Thiranzisita yoyamba ndinaiwotchadi, monga ananenera madala. Ndinasiya ayironi nthawi yaitali pa mwendo wake mpaka inanunkha. Mtovu wosungunuka unandidonthera pa chala chamkombaphala, ndipo ndinatulutsa mawu amene munthu satulutsa apongozi ali m'nyumba. Yachiwiri inagwira. Nditaphimba kadiso ndi chala mababu anayaka, nditachotsa anazima. Ndinachita zimenezi kambirimbiri, munthu wa imvi, ndikumwetulira ndekha.

Cholakwika china chinaoneka madzulo. Kadiso ndinali nditakaika pafupi ndi mababu, ndiye nyali ikayaka kadiso kankaona kuwala kwake komwe n'kufuna kuizimitsa. Inkangonyezimira mofooka ngati khala. Ndinaboola chivindikiro cha botolo, kadiso n'kukatulutsira pamwamba kuti kaziyang'ana kudenga, mababu n'kuwalozetsa pansi m'kati mwa botolo. Ndinamanga chogwirira cha waya. Kenako ndinaitchaja, n'kuitsekera m'kabati, n'kulemba nthawi. Inayaka maola khumi ndi anayi isanafooke. Usiku wa Okutobala ku Lilongwe sukwana maola khumi ndi awiri. Inali yokwanira, ndi kotsala.

Lolemba m'mawa akazi anga anaitchaja pabalaza, ndipo isanakwane seveni koloko anakaiika patebulo la pafupi ndi bedi la amayi awo. Ine ndinaima m'kolido n'kumamvetsera.

"Amayi, iyi apanga apongozi anu. Musagwire chilichonse. Kukada iyaka yokha. Mukafuna kutuluka mungoinyamula apa."

"Apanga okha?"

"Okha. Mpaka apsa chala."

Kenako ndinamva apongozi akuomba m'manja mofatsa, katatu, kulozera kuchitseko kumene ankadziwa kuti ndaima.

Tinapita kuntchito, akazi anga ku ofesi yawo ku City Centre, ine kwanga. Madzulo akazi anga analowa m'chipindamo n'kupeza nyali ikuyaka. Ndinagona mtima uli m'malo. Lachiwiri m'mawa anaitulutsa itafa.

"Akuti pogona imayaka. Atadzuka pakati pa usiku kunali mdima, ndipo anadikira mpaka kucha."

Ndinaganiza kuti sinatchajike bwino. Tinaitchaja nthawi yaitaliko. Lachitatu m'mawa inali itafanso. Tsiku limenelo ndinawotchereranso mfundo zonse ndisanapite kuntchito, ndipo tinaibwezera. Usiku wa Lachitatu apongozi sanathe kudikira kucha. Anayenda mopapasa khoma, anaphonya sitepe ija, n'kugunda bondo pachitseko cha bafa. Sanagwe mpaka pansi, koma anadzithira asanafike, ndipo anakolopa okha mumdima kuti wina asadziwe. Akazi anga anadziwa chifukwa cha chitenje chimene anachipeza chitachapidwa m'bandakucha.

Lachinayi m'mawa chikwama chawo chinali chitamangidwa, chili pachitseko.

"Loweruka mundikweze minibasi," anauza mwana wawo. "Kwathu njira ya kuchimbudzi mapazi anga amaidziwa. Kuno ndikungokuchititsani manyazi."

Nthawi ya nkhomaliro ndinathamangira ku Area 2 ndi botolo langa. Madala analiyeza ndi mita yawo mbali zonse. Anaphimba kadiso ndi chipewa, nyali inayaka. Anachotsa, inazima. Anasuzumira mfundo zanga.

"Kuwotcherera kwake n'konyansa, bwana, ngati ndowe za nkhuku. Koma kwagwira. Batire lilinso bwino. Iyi ilibe mlandu."

"Nanga ikuferanji?"

"Mwaiika pati?"

"Patebulo, pafupi ndi windo."

"Mwaona ndi maso anu?"

"Ndi m'chipinda cha apongozi."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Aa, pepani. Kumeneko mita yanga siifika."

Usiku wa Lachinayi akazi anga anagona pamphasa m'chipinda cha amayi awo, ndipo nyali ndinaisiya patebulo lodyera. Inayaka chakumasikisi madzulo, inazima kutayera, batire likadali ndi mphamvu. Ndiye mfundo zinali ziwiri. Patebulo langa imagwira. M'chipinda chawo imafa. Lamulo loyamba la ntchito yanga limati pita pamalo pamene zachitikira, ndipo pamalopo sindikanapita. Lachiwiri limati funsa amene analipo. Masiku anayi onsewo ndinali nditafunsa batire, thiranzisita ndi madala a ku Area 2, osafunsa munthu yekhayo amene ankakhala ndi nyaliyo tsiku lonse.

Lachisanu akazi anga amaweruka masana. Ine ndinapempha kuchoka msanga. Tinapeza apongozi ali pamphasa pakhonde lakuseri, akusenda mtedza mopapasa. Kunkatentha, ndipo kamphepo kankabweretsa fumbi lofiira kuchokera kumsewu umene ankaukonza kuseri kwa mpanda. Ndinaika mpando chapatali, chakumbuyo kwawo. Iwo anatembenukira kumpanda n'kukonza duku. Akazi anga anakhala pakati. Ndi mmene timayankhulirana: ine ndimauza mwana wawo, mwana wawo amauza iwo, ngakhale makutu awo amamva kuposa anga.

"Afunseni amayi ngati bondo likupweteka."

"Akuti bondo..."

"Uwauze apongozi kuti lili bwino. Ndi ukalamba chabe."

"Afunseni ngati angandithandize. Ndikufuna ndimve za tsiku lonse, kuyambira pamene ife tatuluka pageti. Asasiye kanthu."

"Ngati kupolisi," anatero akazi anga.

"Iwe, usawaseke apongozi, ndi ntchito yawo." Anaika lichero pansi. "Mukatuluka ndimapemphera. Ndikatha ndimayala bedi. Ndimasesa m'chipinda, ngakhale sindiona chimene ndikusesa. Ndimatsegula katani, ndimafunditsa nyali, kenako ndimatuluka kudzakhala pano."

Akazi anga anayamba kubwereza. Ndinakweza dzanja.

"Afunseni amaifunditsa ndi chiyani."

"Ndi kansalu kanga kabuluu kaja. Ndimakapinda pawiri. Dzuwa likamalowa ndimakachotsa, n'kukabwezera m'chikwama inu musanafike."

Kansaluko akazi anga ankakadziwa kuyambira ali mwana. Ndi kochindikala, kopetedwa maluwa oyera m'mphepete, ndipo kankafunditsidwa pa wailesi ya malemu bambo awo. Kumudzi chinthu chilichonse cholemekezeka chimafunditsidwa masana: wailesi, Baibulo, makina osokera. Sindinaganizepo kuti botolo la chiponde lingalowe m'gulu limenelo.

Masamu ake ndinawachita ndili pampando. Nyali inkalowa m'chipinda isanakwane seveni koloko. Ikafunditsidwa, kadiso kankaona mdima n'kuyatsa mababu. Inkayaka pansi pa nsalu tsiku lonse, dzuwa likuswa mtengo panja, ndipo maso awo sakanaona kuwala kochepa kotero masana. Maola khumi ndi anayi kuchokera seveni koloko m'mawa amathera pa naini koloko usiku. Iwo amagona eyiti.

"Amayi!" anatero akazi anga. "Si ndinanena kuti musagwire chilichonse?"

"Sindinagwire zam'kati. Koma fumbi la kuno waliona? Ukaika kapu pansi, pobwerera wapeza phala. Chinthu apanga ndi manja awo, munthu wa ntchito zake, mpaka kupsa chala chifukwa cha ine. Ndichisiye pambalambanda ngati chitini cha pa dzala?"

Ndinayang'ana chala changa, chimene chinali chidakali ndi thuza.

"Auzeni amayi kuti wolakwa ndine," ndinatero. "Ndinawatumizira chinthu chokhala ndi diso osawauza kuti chili ndi diso. Katengeni nyali ija, ndi kansaluko."

Akazi anga anabweretsa zonse ziwiri n'kuziika pamphasa. Anagwira chala cha amayi awo n'kuchiyendetsa pachivindikiro mpaka chinapeza kadiso. Anafotokoza monga ndinawafotokozera ine, koma mwachidule. Kenako anafunditsa botolo, n'kukweza mphepete mwa nsalu pang'ono, n'kuuza amayi kuti awerame. Apongozi anawerama mpaka mphuno inakhudza nsalu.

"Aa! Ikuyaka!" Anadzuka, anachotsa nsalu, anaweramanso. "Yazima." Anafunditsanso. Anachita katatu, monga ndinachitira ine patebulo. Kenako anagwira pakamwa n'kuyamba kuseka, mapewa akugwedezeka. "Ndiye masiku onsewa yakhala ikugwira ntchito dzuwa lili pamutu? Mayo ine. Ndinaipatsa ng'ala."

"Ndiye kuyambira lero izikhala yosafunditsa," anatero akazi anga.

"Ayi."

"Amayi, mwaona nokha."

"Ndaona. Koma fumbi silinachoke. Chofunika kuona ndi kadiso kokhako, eti? Katenge sizasi, singano ndi ulusi woyera."

"Mukufuna kudula kansalu ka ababa?"

"Bambo ako wailesi anaisiya. Pita."

Akazi anga analowa m'nyumba. Tinatsala awiri pakhonde, iwo atayang'ana kumpanda, ine ndikuyang'ana nsapato zanga. Kunja kwa mpanda galimoto yothira madzi pamsewu inadutsa. Kenako anayankhula, osakweza mawu, osatembenuka, ndipo panalibe wina woti abwereze.

"Chala chija chapola, apongozi?"

"Chikupola, amayi."

"Muzipaka mafuta. Musaboole thuza."

"Ndamva, amayi."

Pa zaka zonse za ukwati wanga, amenewo ndi mawu oyamba amene anandiuza popanda mkhalapakati. Akazi anga atabwerera anatipeza titakhala monga anatisiyira.

Apongozi anafunditsa botolo okha, anapapasa kadiso kupyolera m'nsalu, n'kutsina pamenepo ndi zala ziwiri. Mwana wawo anadula kabowo kozungulira, kukula kwake ngati ndalama yachitsulo yaing'ono, n'kuwalowetsera ulusi m'singano. Kusoka anasoka okha. Sankayang'ana. Chala chachikulu chinkatsogola m'mphepete mwa bowo, singano ikutsatira, ndipo anazungulira kawiri kuti nsalu isasosoke. Zinatenga mphindi makumi awiri ndi zisanu. Ndinayang'ana wotchi, chizolowezi. Atamaliza anaveka botolo nsalu ija, kadiso kanasuzumira pabowo, ndipo akazi anga atakweza mphepete anapeza mababu ali ozima.

"Nanga chikwama chija?" anafunsa akazi anga.

"Chisiye pomwepo. Tione kaye usiku uno."

Loweruka m'mawa ndinadzuka faifi koloko n'kukhala pabalaza ndi nyuzipepala imene sindinkaiwerenga. Akazi anga analowa m'chipinda cha amayi awo n'kutuluka ndi botolo. Analiphimba ndi dzanja, ndipo linayaka. Anati amayi anadzuka kawiri, ananyamula nyali kawiri, anaiona sitepe, ndipo adandaula chinthu chimodzi chokha: waya wa chogwirira ukuwacheka zala. Ndinaukulunga ndi mphira wa chubu cha njinga tisanamwe tiyi.

Za minibasi sanatchule tsiku limenelo. Chikwama chinakhala pachitseko mpaka Lamulungu, ndipo titabwera kutchalitchi sichinalipo. Madzulo ake anapempha mwana wawo kuti awaimbire mlamu wanga kumudzi. Ndinali m'khitchini, ndipo apongozi akamayankhula pafoni amakweza mawu ngati munthuyo ali kutsidya kwa dambo, choncho ndinamva zonse. Anamuuza kuti ayambe mizere ya kumunda wa kumtunda osawadikira, asaipange yopyapyala ngati ya chaka chatha, ndipo mbewu ya mtedza ili m'thumba la pansi pa bedi asaikhudze mpaka iwo atabwera ndi maso.

Papita masabata awiri tsopano. M'mawa uliwonse botolo limatuluka kudzatchajidwa n'kubwerera, ndipo ndimaliona likudutsa m'kolido m'manja mwa akazi anga. Mmene limaonekera patebulo lake, litavala nsalu yabuluu, ndimangomva. Kuwotcherera kwanga konyansa kuja kukugwirabe.

Lachiwiri tidzanyamuka sikisi koloko m'mawa, iwo atakhala mpando wakumbuyo kwanga, kumene galasi silingatikumanitse maso. Kuchipatala adzayamba ndi diso lakumanja, ndipo bandeji adzaichotsa mawa lake.